Kukasaka kansomba ka pa Boadzulu

Msewu wochokera ku Liwonde kupita ku Mangochi umadutsa m'dziko la milambe ndi migwalangwa. Mukangopitirira pa Ulongwe mpweya umayamba kulemera, malaya n'kumamatira kumsana, ndipo chakumanja nyanja ya Malombe imaonekera patalipatali kuseri kwa mitengo. Anyamata a m'mbali mwa msewu amatukula nsomba m'mwamba galimoto ikamadutsa. Amene ankayenda msewu uwu m'zaka za m'ma 1980 amakumbukira kuti chotukulidwacho chinkakhala chambo chonona. Chambo cha m'Malombe chinazilala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, makoka atachuluka mopitirira muyeso, ndipo lero chimene chimadzaza mathandala ndi kambuzi.

Koma ine sindinkapita kukagula ndiwo. Ndinali pa ntchito imene anandituma alamu anga a ku Johannesburg. Iwowa anapita ku Joni kukagwira ntchito yosamalira maluwa, kenaka n'kuphunzira kusamalira mathanki agalasi oweteramo nsomba m'nyumba za mabwana awo, mpaka matenda okonda zimenezi anawagwira eni ake. Poyamba ankaweta makorali, tizamoyo ta m'nyanja yamchere timene timamanga nyumba zake zamwala, zina zanthambi, zina zotambasuka, zamitundu yowala. Ndi ntchito yolira ndalama. Makorali onse olimba ali pa mndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, choncho sawoloka malire popanda chilolezo, ndipo dziko la Indonesia, komwe ambiri ankachokera, litaimitsa kuwatumiza kunja mu 2018 mpaka kumayambiriro kwa 2020, mitengo inakwera. Ku Sodwana Bay, komwe South Africa ili ndi makorali akeake, ndi malo otetezedwa ndipo suthyola ngakhale kanthambi. Magetsi atayamba kuzimazima, makina ozunguza ndi kuziziritsa madzi ankaima, makorali aja n'kuyera n'kufa. Apo m'pamene alamu anakumbukira kuti kwawo kuli nyanja.

"Alamu," anatero pa foni, "mukandifufuzire kansomba kena kake ka pachilumba cha Boadzulu. Ndikufuna kochokera m'nyanja mwenimweni, osati ka m'sitolo." Ananditumizira chithunzi ndi dzina lake lachilatini, Iodotropheus sprengerae. Pachithunzipo panali kansomba kofiirira kodera, kokhala ndi kuwala kwa chibuluu chotuwa m'nthiti.

Pa boma la Mangochi sindinakhalitse. Ndinaima pa nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, ndinaona mfuti ya sitima ya Guendolen imene inaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann mu Ogasiti 1914, ndinawerenganso chikumbutso cha anthu 145 amene anamira ndi sitima ya Vipya pa 30 Julayi 1946. Tauni imene inayamba ngati Fort Johnston mu 1891 imasunga mbiri ya sitima ndi nkhondo bwino ndithu. Za nsomba zimene zinatchukitsa boma limeneli kunja, pamsewu simuona kanthu.

Kumsika ndinaonetsa chithunzi chija kwa mayi wina wogulitsa usipa ndi utaka. Anachiyang'ana, n'kuitana mnzake, onse n'kuyamba kuseka.

"Bambo, timbuna timeneti? Mwachokera kutali kudzafuna timeneti? Ana ndi amene amawedza pamiyala akasowa chochita. Gulani utaka uwu mukadyere nsima."

Sanalakwe. Kwa munthu wa kunyanja, nsomba imayesedwa ndi mnofu wake. Mbuna zambiri sizipitirira masentimita 10 kapena 12, minga mbwee, ndipo zimakhala m'miyala momwe khoka limakodwa n'kung'ambika. Kusowa ntchito kumeneku n'kumene kwazisunga zaka zonsezi.

Ndinakwera minibasi ya ku Monkey Bay n'kutsikira chakufupi ndi Nkopola. Dera limeneli ndi la mahotela ndi nyumba zopumuliramo anthu olemera, ndipo ena mwa makoma ake anali akadali ndi mzere wa madzi a 2024, chaka chimene nyanja inakwera n'kulowa m'malo ambiri ogona alendo. Nyanjayi sikhala malo amodzi. Pakati pa 1915 ndi 1935 inatsika mpaka mtsinje wa Shire unasiya kutuluka, ndipo kale kwambiri, zaka zoposa 100,000 zapitazo, chilala chachikulu chinaitsitsa ndi mamita mazanamazana. Ikatsika zilumba zimalumikizana ndi mtunda, ikakwera zimadukanso. Mfundo imeneyi muisunge, ifunika kutsogoloku.

Mwini boti amene ndinagwirizana naye anali bambo wachikulire, wa imvi za apo ndi apo, wosalankhulalankhula. Anati tinyamuke dzuwa lisanatuluke chifukwa inali nyengo ya mwera, mphepo ya kum'mwera imene imalusa kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo masana nyanja siiseweredwa. Boadzulu imaonekera pagombe pomwe, koma injini inalira nthawi ndithu tisanayandikire. Chimene chimakulandirani poyamba ndi fungo. Mbalame zodya nsomba, zakuda zoyera pachifuwa, zimamanga zisa m'mitengo ya pachilumbapo zambirimbiri, ndipo zitosi zake zayeretsa miyala ndi nthambi zomwe. Ng'azi zinali kuothera dzuwa pathanthwe, nkhwazi ziwiri zikuyankhizana pamwamba.

Anandipatsa galasi lovala kumaso ndi kapaipi kopumira. Sindine katswiri wosambira, choncho ndinagwira chingwe cha boti n'kungomiza nkhope.

Pansipo pali miyala ikuluikulu yosanjikizana, yokutidwa ndi ndere zofewa, ndipo mwala uliwonse uli ndi eni ake. Zamphongo zabuluu wowala zimazungulira pakhomo pa mphanga zawo, mnzake akangoyandikira n'kumuthamangitsa. Zazikazi ndi zazing'ono zimayenda m'magulu, zikubudula ndere. Mukayang'anitsitsa mumaona kuti sizidya mofanana. Ina imaima chamutu n'kupesa ndere ndi mano ake osanjikana, kuchotsamo tizidutswa tomasuka. Ina, ya mphuno yotupa yolendewera, imene akatswiri amaitcha Labeotropheus, kamwa lake lili kunsi, ndipo imameta ndere ili chigonere pamwala ngakhale mafunde akuikankha. Ina imatola tizilombo m'ming'alu ndi kakamwa kosongoka. Pamwala umodzi pamadya mitundu yambiri popanda kulandana mbale kwenikweni, ndipo ichi n'chimene chinadabwitsa Geoffrey Fryer pamene ankaphunzira mbuna ku Nkhata Bay m'zaka za m'ma 1950.

Kansomba ka alamu ndinakaona patapita nthawi, bambo aja atandilozera ndi ndodo. Kanali pansi pang'ono, pambali pa mwala, kofiirira, kosadzionetsera. Pakati pa zabuluu ndi zachikasu zija palibe mlendo amene angakasankhe. Komabe kansomba kameneka m'chilengedwe kamapezeka malo ochepa chabe pa dziko lonse lapansi, makamaka pa Boadzulu, pa Chinyankhwazi ndi pa Chinyamwezi. Dzina lake linaperekedwa mu 1972 ndi Michael Oliver ndi Paul Loiselle polemekeza Kappy Sprenger, mayi wa ku California woweta nsomba m'thanki, amene analimbikira kunena kuti nsomba imene ankagula m'sitolo ndi dzina lolakwika inali mtundu wosalembedwa.

Nditakwera m'boti ndinafunsa bambo aja ngati tingagwireko tiwiri.

"Achimwene, apa m'paki," anayankha osandiyang'ana n'komwe. "Mamita 100 kuchokera pamwala, musaponye mbedza kapena ukonde. Akatipeza alanda boti langa, inu mudzakhala mutabwerera kwanu."

Lake Malawi National Park inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo inali paki yoyamba pa dziko lapansi yokhazikitsidwa makamaka kuti iteteze nsomba za m'madzi opanda mchere. Mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse. Ndi yaing'ono, pafupifupi masikweya kilomita 94, ndipo gawo lalikulu ndi mapiri a ku Nankumba. Madzi ake ndi kalamba kopyapyala kozungulira gombe ndi zilumba 13, kuphatikizapo Boadzulu, Chinyankhwazi, Chinyamwezi, Domwe, Thumbi, Mumbo ndi zilumba za Maleri kufupi ndi Salima. Ndiye kuti zilumba zonse zitatu za kansomba kaja zili m'kati mwa paki.

N'chifukwa chiyani nsomba yodziwa kusambira ingakhale pachilumba chimodzi osapita kwina? Apa m'pamene mbuna zimasiyana kwambiri ndi makorali a alamu. Makorali ambiri amatayira mazira ndi mbewu zake m'madzi, tiana take n'kutengedwa ndi mafunde kwa masiku kapena masabata, n'kukamera kutali. N'chifukwa chake mtundu umodzi ungapezeke ku Pemba ku Mozambique n'kupezekanso ku Indonesia. Mbuna sichita zimenezo. Yaikazi ikaikira mazira imawatola ndi kamwa nthawi yomweyo, n'kuwafungatira m'kamwamo pafupifupi masabata atatu, osadya kapena kungolawa pang'ono. Tiana tikakhwima imatilavulira mumng'alu wa mwala womwewo. Zili ngati mbumba ya pamudzi wachikamwini: ana amakulira pamene anabadwira mayi awo. Kuwoloka mchenga wopanda pobisala kapena madzi akuya ndi kudzipereka kwa ncheni, kampango ndi zina zolusa, choncho zambiri siziyesa n'komwe. Onjezanipo kukwera ndi kutsika kwa nyanja kuja, kumene kumadula gulu limodzi kukhala magulu awiri kwa mibadwo yambirimbiri, komanso khalidwe la zazikazi losankha mwamuna poyang'ana mtundu wa khungu lake. Mapeto ake chilumba chilichonse chimakhala ndi nsomba zakezake. Pa Chinyankhwazi, kamwala kongotundumuka pakati pa madzi, pali kambuna kachikasu kotchedwa flavus kamene sikapezeka kwina kulikonse.

Akatswiri amayerekeza kuti m'nyanjayi muli mitundu ya nsomba za m'banja limodzi ndi mbuna pakati pa 800 ndi 1,000, kuposa nyanja ina iliyonse, ndipo yambiri sinapatsidwebe mayina. Kafukufuku wa majini amene anafalitsidwa mu 2018 anapeza kuti mitundu imeneyi imasiyana pang'ono zedi, ndi 0.1 mpaka 0.25 peresenti basi. Chimene chimailekanitsa kwenikweni ndi malo ndi maso a yaikazi. Mukachotsa mpanda wa malowo, zimatha kukwatirana.

Zimenezi ndinakaziona ndi maso ku Cape Maclear. Ndinadzera ku Monkey Bay, komwe sitima ya Ilala, imene yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, imakocheza, ndiponso komwe kuli malo a boma ofufuzira za nsomba. Kuchoka apo njinga yamoto inanditenga kudutsa m'mapiri a paki, anyani ali m'mbali mwa msewu, mpaka tinatsetserekera m'mudzi wa Chembe. Tinaima pang'ono pa Mwala wa Mphini, thanthwe lokhala ndi mizere yozama yopingasana, kenaka pa manda a amishoni a ku Scotland amene anafika pano mu 1875 ndi sitima ya Ilala yoyamba. Malungo anawapitikitsa, ndipo mu 1881 anasamukira ku Bandawe. Dzina la malowa anapereka ndi David Livingstone mu 1861, potchula bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town amene sanapondepo pano.

Chembe ndi mudzi waukulu wothithikana, umodzi mwa midzi imene inasiyidwa m'kati mwa paki monga Msaka, Mvunguti ndi Zambo. Pagombe limodzi lomwelo amayi akutsuka mbale, asodzi akusoka chilimira, ana akusambira, azungu akuwotcha misana. Anyamata operekeza alendo amakupezani musanatsitse chikwama. Amene ndinapita naye ku Thumbi West anali wamng'ono kwa ine, koma mayina achilatini a nsomba ankawatchula mosadodoma. Anati anawaphunzira m'buku la Ad Konings limene mlendo wina anasiya.

Ku Thumbi nsomba zinazolowera anthu. Mnyamatayo anafinya buledi m'madzi, ndipo nthawi yomweyo dzanja lake linasowa m'khamu la buluu, chikasu, choyera ndi mawangamawanga. N'zokongola, sindikana, ngakhale sindikhulupirira kuti buledi ndi chakudya choyenera nsomba imene matumbo ake aatali anapangidwira ndere. Oweta m'mathanki amadziwa kuti mbuna ikadya zonona kwambiri imatupa mimba n'kufa.

"Iyo yabuluu woyera bwino iyo, akulu, si ya kuno," anatero akuloza. "Kwawo ndi kumpoto."

Ankanena zoona. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, pamene malonda otumiza nsombazi kunja ankayamba, zina zogwidwa kumpoto, ku Likoma ndi ku Nkhata Bay, zinatayidwa kapena kupulumukira m'madzi a ku Cape Maclear. Gulu la Tony Ribbink, limene linafalitsa kalembera wamkulu wa nsomba za m'miyala mu 1983, linapeza mitundu yachilendo ingapo itakhazikika pa Thumbi West. Umodzi mwa iyo, Cynotilapia afra, panthawiyo unali pa Mitande Point pokha. Patapita zaka pafupifupi 20 unali utafalikira mbali zambiri za chilumbacho, ndipo kafukufuku wa Todd Streelman ndi anzake wa mu 2004 anasonyeza kuti unasakanizana magazi ndi mbuna ya mizeremizere ya pomwepo. Palibe amene anabweretsa nsomba yochokera kunja kwa dziko. Anangosuntha nsomba ya m'nyanja yomweyi kuchoka pamwala wina kupita pamwala wina, ndipo zimene chilengedwe chinalekanitsa kwa zaka zikwizikwi zinasokonekera m'moyo wa munthu mmodzi. Kuzichotsamo tsopano n'kosatheka.

Madzulo ake ndinacheza ndi mkulu wina amene paunyamata wake anagwirapo ntchito yomira m'madzi kugwira nsomba zotumiza kunja. Anafotokoza ntchitoyo mwatsatanetsatane, manja akuyenda. Amamira awiriawiri, mpweya ukuchokera ku makina a m'boti kudzera m'paipi yaitali. Amatchera kaukonde kosalala pakati pa miyala, n'kukusira nsomba imene akuifunayo, n'kuitola ndi dzanja. Ya m'madzi akuya saikweza tsiku lomwelo, chifukwa kathumba ka mpweya ka m'mimba mwake kamafufuma n'kuipha. Amaiika m'mgolo womangidwa pachingwe, n'kumaukweza pang'onopang'ono kwa masiku angapo. Ikafika kumtunda imasungidwa m'mathanki, imapatsidwa mankhwala a tizilombo, kenaka imamanidwa chakudya kuti isaipitse madzi pa ulendo. Potsiriza imalowa m'thumba la pulasitiki la madzi pang'ono ndi okosijeni wambiri, m'bokosi losunga kutentha, n'kukakwera ndege ku Lilongwe.

Dzina limene limamveka kwambiri pa malonda amenewa ndi la Stuart Grant, amene anayamba ntchitoyi m'zaka za m'ma 1970 ndipo anakhazikika pa Kambiri Point pafupi ndi Senga Bay ku Salima mpaka imfa yake mu 2007. Nsomba ya Aulonocara stuartgranti inatchedwa dzina lake, ndipo mbuna yofiira yotchuka ya estherae inatchedwa dzina la mkazi wake, Esther. Mukawerenga mndandanda wa mayina a nsomba za m'nyanja yathu mumakumana ndi Livingstone, Johnston, Trewavas, Fryer, Freiberg, Baensch. Ambiri a iwo anagwiradi ntchito, sindikuwachotsera ulemu. Koma amene ankamira tsiku ndi tsiku, amene ankadziwa kuti nsomba yakutiyakuti imakhala kuseri kwa mwala uti, anali Amalawi, ndipo mayina awo ndi owerengeka pamndandandawo.

Limodzi mwa owerengekawo ndi la Saulos Mwale, womira m'madzi wa kwa Grant, amene kansomba ka saulosi kanatchedwa dzina lake mu 1990. Yamphongo ndi yabuluu ya mizere yakuda, yaikazi ndi yachikasu, ndipo kwawo ndi pa Taiwanee Reef pokha, miyala ya pansi pa madzi kufupi ndi Chizumulu. Kukongola kwake kunakaitanira tsoka. Ogula kunja anakafuna kwambiri, ogwira anapitapita, mpaka magulu akuluakulu amene ankaoneka kale anatha, n'kutsala towerengeka. Mu 2018 bungwe la IUCN linakaika m'gulu la zamoyo zimene zili pangozi yaikulu kwambiri ya kutha. Chimodzimodzi Aulonocara baenschi ya ku Nkhomo Reef kufupi ndi Benga, ndi Melanochromis chipokae ya pa miyala ya Chindunga ku Chipoka. Zonsezi zili kunja kwa paki. M'zaka za m'ma 2010 thumba la Stuart M. Grant Cichlid Conservation Fund linayamba kuswetsa saulosi m'mathanki n'kumakabwezera pa Taiwanee. Ndi ntchito yabwino, koma taonani kuzungulira kwake: kugwira mpaka kutha, kenaka kusonkha ndalama kunja zobwezeretsera.

Apa m'pamene ndimasiyana maganizo ndi alamu anga ndi anzawo onse osaka zosowa, kaya ndi makorali kaya ndi mbuna. Chinthu chikasowa mtengo umakwera, mtengo ukakwera osaka amachuluka, osaka akachuluka chimasowa koposa. Kwa nsomba yokhala pamwala umodzi, yobereka ana makumi awiri kapena atatu pa nthawi, mzere umenewu sutalika. Ndipo chodabwitsa n'chakuti palibe chifukwa chenicheni chofunira yogwidwa m'nyanja. Mbuna zimaswana mosavuta m'thanki. Zambiri mwa zimene zimagulitsidwa pa dziko lapansi lero zinabadwira m'maiwe a ku Florida, m'mathanki a ku Czech Republic ndi m'mafamu a ku Asia. Kambuna kachikasu ka Labidochromis caeruleus, kamene mwina ndi kodziwika koposa tonse m'masitolo, kanachokera ku Lion's Cove kumpoto kwa Nkhata Bay, ndipo kanachulukitsidwa ku Burundi ndi Pierre Brichard kuchokera ku nsomba zochepa chabe. Makorali nawonso masiku ano ambiri amachita kulimidwa: amadula kanthambi, n'kukamata pakamwala, n'kukula.

Mbali ina ya nkhani yomweyi imandiwawa. Ngati nsomba zathu zikuswetsedwa ku Florida ndi ku Asia, ndiye kuti ndalama zake zikutsalanso komweko. Madzi oyenera tili nawo, ofunda madigiri 24 mpaka 28 chaka chonse, a mchere wachilengedwe umene oweta kunja amachita kugula m'mapaketi kuti autsanzire. Dzuwa lilipo, anyamata odziwa nsombazi alipo, ena akungoyenda pagombe kudikira mlendo wogula mikanda. Chimene chikusowa ku Mangochi ndi maiwe oswetsera mbuna, okhala ndi chilolezo cha nthambi ya za nsomba, osunga mtundu uliwonse paokha ndi kulemba kumene unachokera, omangidwa moti madzi ake sangasefukire m'nyanja. Wogula wa ku Ulaya amalipira bwino nsomba yodziwika kwawo. Ife ndi amene tingatsimikize zimenezo kuposa wina aliyense.

Alamu ndinawaimbira ndili pagombe la Chembe. Ndinawauza kuti kansomba kawo ndakaona, kali bwino, ndipo katsala komweko. Anadandaula pang'ono, kenaka anavomera kuti m'masitolo a nsomba ku Johannesburg kamapezeka, koswetsedwa m'thanki, pamtengo wosaboola thumba. Iwo ankangofuna koti azinena kwa anzawo kuti aka n'kochokera kwathu.

Kunena chilungamo, oweta nsomba m'magalasi si ndiwo mdani wamkulu wa nyanjayi. Usiku umenewo ndinakhala panja n'kuona nyali za asodzi a usipa zitandandalika pamadzi kuchokera ku Domwe mpaka kumene maso amalekezera. M'mawa ndinaona anyamata akukoka neti yotetezera udzudzu m'madzi osaya, momwe tiana ta nsomba timakulira. Kalembera wa IUCN wa 2018 uja anaunika mitundu 458 ya nsomba za m'nyanjayi n'kupeza kuti 9 pa 100 iliyonse ili pangozi, ndipo mitundu itatu ya chambo ili pangozi yaikulu kwambiri. Mapiri akadulidwa mitengo, mvula imakokolera dothi m'nyanja, matope n'kukwirira ndere za pamiyala, ndipo mbuna imasowa chakudya ngakhale palibe anaigwira. Madzi akachita utsi yaikazi imavutikanso kuzindikira mtundu wa mwamuna wake. Ngakhale likodzo la ku Chembe lili ndi mbali yake m'nkhaniyi. Jay Stauffer ndi anzake anasonyeza kuti nsomba zodya nkhono, monga Trematocranus placodon, zitachepa chifukwa cha makoka a m'mbali mwa gombe, nkhono zofalitsa likodzo zinachuluka. Amene mwasambira kumeneko, kayezetseni pakapita masabata angapo, musadikire kuona magazi.

Sindinganyoze msodzi wa neti ya udzudzu ndili wokhuta. Anthu a m'mphepete mwa nyanja achuluka, minda ndi yochepa, ndipo nyengo yotseka nyanja ya Novembala ndi Disembala imagwa pamene njala yayamba kuluma. Komabe kalamba ka mamita 100 kaja n'kakang'ono kwambiri poyerekeza ndi nyanja yotalika makilomita oposa 560. Kukasiya osakhudza sikungaphe munthu ndi njala, pamene kukalowerera kungathetse mtundu wathunthu umene kulibenso kwina.

Tsiku lobwerera ndinapita ku Otter Point m'mamawa, pafupi ndi malo ophunzitsira za chilengedwe a paki. Madzi anali bata, oyera mpaka pansi. M'mapanga a pamenepa mumakhala Aulonocara jacobfreibergi, imene oweta kunja amaidziwa ndi dzina la malo omwewa. Ndinapeza gulu la ana a sukulu ochokera mumzinda atabwera ndi aphunzitsi awo, akusinthana magalasi awiri okha. Mtsikana wina atamiza nkhope anadzuka akukuwa kuitana anzake, madzi ali m'kamwa. Ndinafunsa mnyamata wondiperekeza uja ngati ana a sukulu za ku Mangochi konkuno, za ku Namwera, Malindi kapena Chilipa, amabwera kudzaona. Anati mwa apo ndi apo, kawirikawiri amabwera ndi a sukulu zolipira za ku Blantyre ndi Lilongwe.

Izi n'zimene akuluakulu a maphunziro m'boma la Mangochi ndi a nthambi ya mapaki angakonze popanda kudikira thandizo la kunja: basi imodzi, magalasi makumi angapo, ndi tsiku limodzi pa chaka kwa ana a Sitandade 7. Kwa inu amene mwayamba kuweta nsomba m'thanki ku Area 47, ku Namiwawa kapena ku Joni, gulani zoswetsedwa, funsani kumene makolo ake anachokera, ndipo musasakanize mitundu yofanana m'thanki imodzi. Zikakukwanani, patsani mnzanu kapena bwezani kwa amene anakugulitsani. Musakazitaye mumtsinje, m'dambo kapena m'nyanja, ngakhale zitakhala mbuna za m'nyanja yomweyi.